Sabata imodzi ndi kwaya ya a Maestro

Loweruka, 7 Disembala

Lero yakwana sabata chifikireni kwa achemwali kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America. Ndinabwera kudzaona mdzukulu wawo woyamba, ndipo ndinkayesa kuti zolemba zanga zonse zikhala za Amalawi anzathu, pakuti mzinda uno uli nawo ambiri moti m'sitolo umangomva "mwaswera bwanji" kuseri kwa mashelefu. Koma madzulo ano nkhani yakhotera kwina.

Ndinatuluka kukataya zinyalala kuseri kwa nyumba. Chisanu chake, cha ku Dedza mu Juni sichifikako n'komwe. Ndikuthamangira kubwerera m'nyumba, ndinamva gitala m'galaja ya nyumba yoyandikana nafe, kenaka mawu a anthu ngati khumi. Anaimba mzere umodzi, n'kusiya. Wina analankhula motsitsa. Anayambiranso mzere womwewo, n'kusiyanso pomwe paja. Ine ndaphunzitsa kwaya ku parishi kwathu zaka 19, ndiye ngakhale chinenero chawo sindichimva, ndinadziwa chimene chinkachitika. Panali liwu limodzi lachizimayi limene linkalowa nthawi isanakwane, ndipo mphunzitsi ankalibweza mofatsa, osalichititsa manyazi. Ndinaima pomwepo mpaka makutu anachita dzanzi.

"Amenewo ndi a Maestro, achimwene," anatero achemwali nditawafunsa. "Ndi a ku Mexico. Akazi awo ndimagwira nawo ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Sabata ino tulo alibe, ali ndi chikondwerero cha Amayi Maria."

Dzina lawo lenileni lilipo, koma aliyense amangoti Maestro, kutanthauza mphunzitsi, ndiye nanenso ndiziwatchula choncho. Achemwali anaimba foni, ndipo mawa tayitanidwa ku Misa yawo.

Lamulungu, 8 Disembala

Tchalitchi chake chili kumadzulo kwa mzinda, chachikulu, cha njerwa. Anachimanga ndi anthu ochokera ku Poland amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafakitale a kuno, monga ya magalimoto ya Studebaker imene inatsekedwa mu 1963. Maina awo akadali pansi pa mawindo a magalasi amitundumitundu. Zidzukulu zawo zambiri zinasamukira kwina, ndipo lero m'mabenchi momwemo mwadzaza mabanja olankhula Chisipanishi, ana ali yakaliyakali. Ndinakhala ndikuyang'ana maina aja n'kumaganiza kuti nyumba iyi chiyambire yakhala ikulandira anthu amene kwawo kuli kutali.

Kwaya inakhala pambali pa guwa. Magitala awiri, mtsikana wa vayolini, ndi mnyamata wonyamula chigitala chamimba yaikulu chimene amachitcha guitarrón, chimene chimagwira ntchito ya ng'oma yaikulu kwathu kuja. A Maestro ndi munthu wamfupi, wa imvi m'mbali, ndipo chala chawo chachikulu cha kudzanja lamanja chinali chokulungidwa pulasitala. Amagwira ntchito ku Elkhart, tauni yoyandikana ndi ino, kumene kuli mafakitale ambiri opanga nyumba zokokedwa ndi galimoto. Amalowa ntchito kusanache, tsiku lonse ali ndi matabwa ndi misomali, madzulo zala zomwezo zili pa zingwe.

Monga mphunzitsi mnzawo ndinatchera khutu pa kaimbidwe. Sagawa mawu panayi ngati ife. Ambiri amaimba liwu limodzi, ena ochepa n'kumayenda pamwamba pake moyandikana kwambiri, ndipo nyimbo zambiri zimayenda katatukatatu ngati munthu akugwedeza mwana kuti agone. Poyamba ndinamva ngati pakusowa mabesi. Misa itafika pakati ndinazindikira kuti palibe chikusowa: tchalitchi chonse chinalowa, ndipo a Maestro anatsitsa liwu lawo dala kuti anthu awapitirire. Ambiri a ife aphunzitsi a makwaya timalephera pamenepa. Timafuna kuti kwaya imveke, mpingo uzingomvera.

Bambo anga ankasimba za nthawi imene Misa inali m'Chilatini, ng'oma n'kumaonedwa ngati yosayenera m'nyumba ya Mulungu. Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, ndiwo unatsekula khomo kuti anthu azipembedza m'chinenero ndi m'kaimbidwe kawo. Kwathu munalowa ng'oma ndi chisekese. Ku Mexico munalowa magitala, ndipo mu 1966 ku Cuernavaca, pa nthawi ya episkopi Sergio Méndez Arceo, oimba a mariachi, magulu oimba nyimbo za chikhalidwe cha kumeneko, anayamba kuimba Misa ndi malipenga awo. Khomo linali limodzi, aliyense analowa ndi chake.

Misa itatha tinatsikira m'holo ya pansi pa tchalitchi. Mayi wina ankayenda ndi kabokosi ka nsapato kosonkhamo ndalama zoti mtembo wa mnyamata wina utumizidwe kwawo ku Guanajuato, ku Mexico. Achemwali anatsekula chikwama n'kuikamo, osafunsa kuti mnyamatayo ndani. Pakhoma panali mapepala a amene akufuna ntchito, amene ali ndi chipinda cha lendi, ndi tsiku limene kubwere loya wothandiza mwaulere pa nkhani za mapepala okhalira m'dziko muno.

Lolemba, 9 Disembala

Achemwali anagona usana chifukwa anagwira ntchito usiku, ndiye akazi a Maestro ananditenga kukathandiza kunyamula mapoto ku holo. Amayi okwana 15 anali akukonza chakudya chotchedwa tamales choti akadye pa chikondwerero. Ndinakhala pa mpando n'kumaona. Makoko a chimanga ouma awanyika m'madzi kuti afewe. Mayi amatenga khoko limodzi, n'kupakapo phala lolimba la chimanga, n'kuikapo nyama ya tsabola pakati, n'kupinda, n'kuimika m'poto momwe zimapsa ndi nthunzi. Ndinakumbuka mikate ya nthochi imene agogo ankakulunga m'masamba. Chimanga chawo amayamba achiphika ndi laimu asanachipere, ndicho chifukwa fungo lake limasiyana ndi la ufa wathu. Mayi wina atamva kuti ifenso tsiku silidutsa osadya chimanga, anawomba m'manja. Kunena zoona mbewu imene timaitcha yathuyi inachokera kwawo: anthu a kumwera kwa Mexico ndiwo anayamba kuilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo ku Africa inafika pa zombo zaka mazana ochepa chabe zapitazo.

Lero ndi tsiku la Juan Diego woyera, ndiye gogo wina wa mpango wakuda anandisimbira nkhani yonse, mdzukulu wake akumasulira. Mu Disembala 1531, patangotha zaka khumi Asipanishi atagonjetsa mzinda waukulu wa Aaziteki, mtundu umene unkalamulira dera la pakati pa Mexico, munthu wamba uyu ankadutsa pa phiri la Tepeyac, pafupi ndi pomwe lero pali Mexico City. Amayi Maria anamuonekera, ndipo anamulankhula m'Chinahuatl, chinenero cha eni dziko, osati cha atsamunda. Anamutuma kwa episkopi Juan de Zumárraga kuti pa phiripo pamangidwe tchalitchi. Episkopi anafuna chizindikiro. Pa 12 Disembala, amalume ake a Juan Diego akudwala mwakayakaya, iye analambalala phirilo pothamangira kukaitana wansembe, koma Amayiwo anamutsekereza panjira, n'kumuuza kuti asade nkhawa pakuti mayi wake ali pomwepo. Anamutuma kukathyola maluwa pamwamba pa phiri pa nyengo imene maluwa samera, iye n'kuwafukata m'chofunda chake. Atachitambasula pamaso pa episkopi, pa chofundacho panali chithunzi cha Amayi Maria a khungu loderapo ngati anthu a m'dzikomo. Chofundacho chikadali m'tchalitchi chachikulu cha Guadalupe ku Mexico City, ndipo Papa Yohane Paulo Wachiwiri anamutcha Juan Diego woyera mu 2002.

Gogoyo ankasimba manja akupinda makoko osayang'anapo. Atafika pa amalume odwala aja anaima, n'kubwereza kawiri. Ndinaona kuti kwa iye mtima wa nkhani suli pa maluwa. Uli pa munthu wothamanga ndi nkhawa ya m'bale wake, amene wakumana ndi mayi panjira yomwe anathawira.

Madzulo tinapita ku kolona kunyumba ya banja lina. Kuyambira pa 3 Disembala amapemphera masiku asanu ndi anayi, chithunzi cha Amayi Maria chikuyenda nyumba ndi nyumba, chimodzimodzi momwe timachitira ku mphakati mwezi wa Okutobala. M'balaza laling'ono tinathinana anthu oposa 30.

Lachiwiri, 10 Disembala

Za lero ndizilemba pang'onopang'ono.

A Maestro anandiitana kukadya kwawo ataweruka. Chingerezi chawo n'chodukaduka, ndiye mwana wawo wamkazi, uja wa vayolini, anakhala pakati pathu. Anabadwira konkuno. Ananditulutsira gitala yawo kuti ndiigwire. Inapangidwa ku Paracho, tauni ya m'mapiri a Michoacán imene imadziwika ndi ntchito yopanga magitala, ndipo kwawo kwa a Maestro ndi m'chigawo chomwecho. Pansi pa bowo thabwa linaperepeseka mpaka kuyera chifukwa cha zikhadabo.

Anabwera kuno zaka zoposa 20 zapitazo. Anaphunzira kuimba kwa amalume awo amene ankaimba pa maliro ndi pa maukwati kumudzi, koma atafika kuno anazisiya. Akuti zaka zoyambazo ankagona anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda, Lamulungu linali tsiku lochapa ndi kumwa, tchalitchi ankangochidutsa. Ndiye mnzawo wa m'chipinda momwemo anafa pa ngozi ya pamsewu. Kwawo munthu akamwalira, abale amasonkhana masiku asanu ndi anayi kupemphera kolona. Apa panalibe m'bale, panalibe mayi woti atsogolere. Anyamata asanu anakhala mozungulira bedi la malemu, kandulo ili pa mpando, aliyense akudikira mnzake. A Maestro anabwereka gitala kwa munthu wa pa nyumba yoyandikana n'kuimba zimene ankakumbuka kwa amalume awo. Tsiku lachitatu kunabwera amayi awiri a ku parishi amene anamva. Pofika tsiku lachisanu ndi chinayi anthu ankaima m'masitepe. Mmodzi wa amayi aja ndiye anawauza kuti Lamulungu abwere ndi gitalayo ku tchalitchi, ndipo sanasiyenso.

Kenaka anatulutsa kope. Ndi kope wamba la ana asukulu, lomangidwa ndi mphira. Kutsogolo kuli nyimbo zolembedwa pamanja, zilembo za makiyi zili pamwamba pa mawu. Anatembenuza n'kutsekula kumapeto. Kumeneko kuli maina, mzere ndi mzere, tsamba ndi tsamba, lililonse ndi tsiku lake ndi dzina la mudzi. Ndi anthu onse amene anawaimbirapo pa maliro. Pa 2 Novembala, tsiku lokumbukira omwalira, amawawerenga onse kwaya isanayambe kuimba. Anaika chala cha pulasitala chija pa dzina limodzi, ndipo mwana wawo anasiya kumasulira kwa kanthawi.

Anali amayi awo. Anamwalira kumudzi, ndipo iwo sanapite. Akanatuluka m'dziko muno sakanaloledwa kubwereranso, ana atatu ali pa sukulu, nyumba ili pa ngongole. Mng'ono wawo anawagwirira foni kumanda. A Maestro anakhala pa tebulo lomweli, foni yotsamira pa botolo la mchere, n'kumaimba, kumudzi akumva pa foniyo bokosi likutsika. Madzulo ake kwaya yonse inabwera, ndipo inabwera masiku onse asanu ndi anayi. Akuti pa masiku amenewo sanawalole kugwira gitala. Anawauza kuti ulendo uno akhale pansi, ena awaimbire.

Ndinalephera kumeza chakudya. Amayi athu atamwalira, amene anagwira foni kumanda ndinali ine. Mapepala a achemwali anali asanatuluke nthawi imeneyo. Ndinaigwira foni ija dzanja likunjenjemera, ndipo mumtima ndinali ndi mkwiyo, pakuti anthu pamaliro ankanong'onezana kuti mwana wamkazi woyamba kubadwa wasankha madola. Sindinawatsutse. Zaka zonsezi sindinawafunsepo achemwali kuti kumbali inayo ya foni kunali bwanji, anali pati, anali ndi yani.

Nditabwerera ndinawapeza akukonzeka kupita ku ntchito, akumanga nsapato pakhomo. Ndinawafunsa. Anakhala chete nthawi yaitali.

"Ndinali m'khitchinimu, achimwene. Alamu anu anali ku ntchito. Foni itaduka ndinalira mokweza moti apa pafupipa anamva. Anabwera mayi aja, sitinkadziwana n'komwe. Usiku wake anabwera ndi amuna awo ndi gitala. Amalawi anzathu anasonkhana Loweruka, anachita zonse, anasonkha ndalama, anagona pano. Koma usiku woyamba uja anali awa."

Anatseka zipi ya jekete n'kutuluka. Ndakhala pano mpaka pakati pa usiku.

Lachitatu, 11 Disembala

Tinanyamuka masana pa minibasi ziwiri, kwaya ndi mabanja awo, achemwali atasinthana tsiku ndi mnzawo. Ku Chicago ndi ulendo wa makilomita ngati 150. Panjira wotchi imabwerera m'mbuyo ola limodzi, chifukwa South Bend ndi Chicago sizili m'nthawi imodzi. Tinadutsa Gary ndi michumuni yake ya mafakitale a zitsulo, nyanja ya Michigan ikuonekera patali ili mbuu.

Tinaima ku Little Village, dera la anthu a ku Mexico, kumene chipata chachikulu chopingasa msewu wa 26th Street chimakulandira m'Chisipanishi. Aliyense anagula maluwa a rozi. Inenso ndinagula.

Des Plaines ili kumpoto chakumadzulo kwa mzinda, pafupi ndi bwalo la ndege la O'Hare. Kumeneko, pa malo a Maryville Academy, anamanga kaphiri kofanizira Tepeyac, pabwalo, popanda denga, ndipo pa 11 ndi 12 Disembala pamafika anthu zikwi mazanamazana. Tisanafike tinayamba kupitirira magulu a anthu oyenda pansi m'mbali mwa msewu mumdima, atavala majekete owala, ena atabereka zithunzi zikuluzikulu za Amayi Maria kumsana ngati mwana. Ambiri achokera ku maparishi a mu Chicago, ayenda maola ambiri m'chisanu chimenechi. Mwana wa a Maestro anandiuza kuti ambiri akukwaniritsa lonjezo limene amalitcha manda: unapempha kuti mwana achire kapena mlandu uthe bwino, ndipo unalonjeza kuti udzayenda. Liwu limenelo linandidzidzimutsa, pakuti kwathu manda ndi kwina. Ndinamuuza tanthauzo lake m'Chichewa, iye n'kuwauza bambo ake, ndipo a Maestro anangogwedeza mutu pang'onopang'ono.

Pa kaphiripo maluwa anaunjikana ngati mulu wa chimanga pa nthawi yokolola, makandulo ali ngwee. Bambo wina ankayenda ndi maondo pa simenti yozizira, mkazi wake akumuyalira bulangete kutsogolo, n'kulitenga kumbuyo, n'kuliyalanso. Kunali magulu ovina ovala nthenga ndi mikanda, njere zouma zili m'miyendo zikulira tsetsetse pa sitepe iliyonse, ng'oma ikugunda mosasintha. Amavina osamwetulira, osayang'ana anthu, maso ali kwa Amayi. Munthu wakwathu safunika kumufotokozera kuti kuvina kukhoza kukhala pemphero.

Usiku utayandikira pakati, khamu lonse linaimba Las Mañanitas, nyimbo imene ku Mexico amadzutsira munthu pa tsiku lake lobadwa. Amayi Maria amawaimbira ngati momwe ungaimbire mayi ako okubereka pawindo m'bandakucha. Malipenga a mariachi anali kutsogolo kutali, ndege zikudutsa m'mwamba, nthunzi ikutuluka m'kamwa mwa anthu onse ngati utsi wa moto umodzi. Kwaya yathu sinali pa ndandanda uliwonse. Anangoima pakona, a Maestro atavula magolovesi, zala zili gwa, n'kumaimba limodzi ndi khamu. Anthu osawadziwa anawazungulira. Achemwali anali pambali panga, ndipo ndinamva kuti mawu onse amawadziwa. Ndinawagwira dzanja. Maluwa anga ndinawapatsa iwo kuti akaike, ndipo popita anatchula dzina la amayi.

Lachinayi, 12 Disembala

Tinafika ku South Bend kukucha. A Maestro anangosamba n'kupita ku Elkhart. Madzulo anaimbanso Misa ya chikondwerero ku parishi, ana aang'ono atavala ngati Juan Diego, ndevu zojambula ndi makala. Tamales aja anatha onse, pamodzi ndi champurrado, chakumwa chotentha cha ufa wa chimanga ndi chokoleti. Ine ndinagona msanga.

Lachisanu, 13 Disembala

Kwaya siipuma. Pa 16 ayamba Las Posadas, masiku asanu ndi anayi oyenda nyumba ndi nyumba kukumbukira Yosefe ndi Maria akusaka pogona, gulu lina likuimba panja kupempha malo, lina likuyankha m'kati. Ine ndinyamuka pa 15, ndiye sindidzaziona. Madzulo ano anandiitana m'galaja muja momwe ndinawamvera koyamba. Muli chotenthetsera chimodzi, mipando yopinda, ndi matayala akale pakona.

Atatha zawo, a Maestro anandipatsa kope lija ndi cholembera, atatsekula tsamba loyera, n'kundipempha nyimbo imodzi ya kwathu. Ndinalemba ya Amayi Maria imene tinaimba potsitsa bokosi la amayi. Ndinkayembekeza kuti katchulidwe kawavuta, koma Chisipanishi chili ndi a, e, i, o, u asanu ngati Chichewa, ndiye mtsikana wa vayolini anangowerenga mzere woyamba bwinobwino ngati mwana wa ku Ntcheu. Panawavuta pa ng' pokha, ndi poyamba liwu ndi m kapena n popanda kutsogoza e. Tinabwereza kasanu. Mayi uja wofulumira kulowa anafulumiranso, ndipo a Maestro anamubweza mofatsa. Ndinagawa mawu panayi, mnyamata wa guitarrón n'kutenga besi, koma liwu lachiwiri la amayi linkasochera pa ndime yachiwiri.

Akazi a Maestro anatuluka osanena kanthu. Patapita kanthawi anabwerera ndi achemwali, atafunda bulangete pamwamba pa yunifolomu ya kuntchito. Kwathu achemwali ankaimba liwu lachiwiri. Anaima pakati pa amayi aja, n'kuyang'ana pa kope, ngakhale sanafunikire kuwerenga, ndipo tinayambira pa ndime yachiwiri.

Tisanabalalike a Maestro anatembenuza kope n'kutsekula kumapeto. Anafunsa achemwali dzina la amayi, tsiku, ndi dzina la mudzi wathu. Achemwali anatchula chilembo chimodzichimodzi, iwo akulemba.